Gologolo Aimbira Mpira wa Ana

Kudangokhala, kudangotero, kale lija nyama zikali ndi mipando ndi maudindo ngati anthu, kudali midzi iwiri yoyandikana, wina Kumtunda, wina Kudambo. Ana a midzi imeneyi ankakonda mpira kuposa chakudya. Chaka chilichonse zokolola zikalowa m'nkhokwe, ankakumana katatu pabwalo la pakati pa midziyo kulimbirana chikho.

Anawo paokha adalibe vuto. Vuto lidali makolo awo. Wapampando wa makolo a Kumtunda adali a Njati, amene sadamenyepo mpira chibadwire, koma panalibe chimene sankachidziwa pa nkhani ya mpira. Wapampando wa Kudambo adali Mai Nguluwe, mayi woti akayamba kulankhula ngakhale mvula inkayamba yadikira. Awiriwa akafika pabwalo ndi magulu awo, mpira sunkatha bwino. Unkathera m'ndewu, ndipo mlandu wonse unkagwera woimbira.

Woweruza milanduyo adali Mfumu Chipembere. Mfumuyi idali yofatsa, koma maso ake sankaona kupitirira nyanga yake. Choncho mpira ukamaseweredwa iyo inkangosinza patsinde pa mtengo, n'kumadikira odandaula. Malamulo ake adali awiri. Loyamba, woimbira akadandaulidwa, mfumu inkamanga mfundo pa luzi, ndipo mfundo zikakwana zitatu, mchira wa woimbirayo unkadulidwa. Lachiwiri, wogwidwa ndi mankhwala a mpira sankaloledwa kuponda pabwalo kwa chaka chathunthu. Chule adaimbirapo, mchira udapita wonse. Gwape adaimbirapo, adangomusiyira kachitsa. Wodula adali Fisi, mesenjala wa mfumu, ndipo palibe adafunsapo kumene michirayo inkapita.

Chaka chimenecho kudasowa wofuna kugwira wezulo. Makolo adakhala pamsonkhano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akukana. Pamapeto pake adachita zimene misonkhano imachita: adasankha amene sadabwere. Ameneyo adali Gologolo.

Fisi adakamupeza ali pamwamba pa mtengo.

"Tsika, ulandire udindo. Ndiwe woimbira mpira wa ana."

"Ine? Wandisankha ndani?"

"Onse. Panalibe ndi mmodzi yemwe wotsutsa." Fisi ankalankhula maso ali pamchira, malovu akuchucha.

Gologolo adachita mantha, ndipo mantha ake adali ndi chifukwa. Chule wopanda mchira amasambirabe, gwape wopanda mchira amathamangabe. Koma gologolo amadumpha nthambi ndi mchira. Ukachoka, amagwa, ndipo pansi pali ambiri omudikira. Komabe mawu a msonkhano sabwezedwa. Adalandira wezulo ya bango ija n'kuikoleka m'khosi.

Tsiku la mpira woyamba, Gologolo adati mumtima, "Ndingoimba chilungamo. Chilungamo sichidulitsa mchira." Apa n'kuti asanawadziwe bwino makolo.

Ana asanaukhudze n'komwe mpira, makolo adayamba nyimbo yawo. Idali nyimbo imodzi, a Kumtunda ndi a Kudambo ankangosinthamo maina. Wotsogolera ankatama mwana wake kuti adabadwa ndi mpira kuphazi, gulu n'kuvomera kuti mchira wa woimbira ukhala chothamangitsira ntchentche. Ankaiimba akuponda pansi mwamphamvu mpaka fumbi kobo, moti ana sankamvana okhaokha.

Mpira uli mkati, Thole, mwana wa a Njati, adapezeka yekha pamaso pa golo, goloboyi atagwa kale. Chidatsala n'kungokankha basi.

"Menya!" adabangula a Njati. "Menya, chitsiru iwe! Ukudikira chiyani?"

Thole adadzidzimuka, n'kumenya dothi. Mpira udagubudukira kumbali. Posakhalitsa Nasiwelo, mwana wamkazi wa Mai Nguluwe, adautenga n'kukagoletsa kunako, chigoli choyera. Gologolo adaimba kuti chalowa. A Njati adalowa m'bwalo mutu uli pansi, a Kudambo adawachingamira, ana adabalalika kuthawira kumtsinje, ndipo Gologolo adaonera zotsalazo ali pamwamba pa golo.

"Gogo Chalo," adatero a Njati pamaso pa mfumu, "mwana wanga anamukankha kumbuyo. Woimbira anaona, koma anangokhala chete."

"Palibe anamukhudza, Gogo Chalo," adatero Gologolo. "Anadzidzimuka ndi mawu a bambo ake."

"Ndiye ukuti ine ndikunama?"

Mfumu idayasamula, n'kumanga mfundo yoyamba.

Pa mpira wachiwiri Gologolo adasintha nzeru. Adamanga chingwe kuzungulira bwalo kuti makolo asalowe, ndipo adaganiza zokondweretsa mbali zonse. Nyimbo ija idayambanso, ya mwana wobadwa ndi mpira kuphazi ndi mchira wothamangitsira ntchentche, ulendo uno ndi ng'oma zomwe. A Kumtunda akakuwa, Gologolo ankawapatsa penate. A Kudambo akakuwa, nawonso ankawapatsa yawo. Ana adasokonezeka, osadziwanso kuti cholakwa n'chiti. Kanungu, goloboyi wa Kumtunda, ataona miyala ikuuluka adangodzipinda n'kukhala phee pakati pa golo, akulira. Mpira udatha zigoli ziwiri kwa ziwiri, ndipo chingwe chija chidaduka nthawi yomweyo.

Ulendo uno odandaula adali awiri.

"Penate za Kudambo zinali zabodza," adatero a Njati.

"Zabodza zinali za Kumtunda," adatero Mai Nguluwe. "Koma pa chimodzi tikugwirizana, achimwene: woimbirayu ndi wakuba."

Mfumu idamanga mfundo yachiwiri. Fisi adapita kukanola mpeni. Gologolo adabwerera kwake akudziseka mowawa, poti adadziwa kale kuti mapanga awiri avumbwitsa, koma adawathamangirabe.

Masiku atatu adakhala pamtengo wake osadya bwino, mchira ataukumbatira. Tsiku lachinayi adakumbukira chinthu chimodzi. Pa mipira iwiri yonse ija, nthawi iliyonse akaponya diso kwa makolo, ankapeza maso awo ali pa iye, kapena pa makolo a mudzi winawo. Pa ana panalibe diso. Atakumbukira zimenezi adatsika, adadya mtedza mpaka kukhuta, makoko ake n'kuwakulunga m'masamba timaphukusi tiwiri, n'kumanga bwinobwino ndi ulusi wakuda. Kenaka adakhala pansi kudikira alendo, poti ankadziwa kuti abwera.

Oyamba adali a Njati, m'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi mpira womaliza.

"Gologolo, ndabwera ngati mbale wako. Mawa Kumtunda kukagonja, sindidikira mpeni wa Fisi. Ndidzazula ndekha."

"Ndamva, akuluakulu. Koma ndi wezulo sindingathe kukuthandizani, maso ndi ambiri." Adayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Pali kanthu kena, kosiya malemu agogo anga. Koma ayi, mfumu inaletsa."

"Mfumu imaona chiyani? Bweretsa."

Gologolo adatulutsa kaphukusi kamodzi. "Mukakhalire aka. Koma chizimba chake n'chovuta, ambiri chimawakanika. Ana asanaponde m'bwalo, inu ndi gulu lanu lonse mufulatire. Osacheuka, ngakhale mumve chiyani, mpaka nditaimba katatu komaliza ndi kunena kuti tembenukani. Wina akangosuzumira, mankhwala atembenukira ana anu. Mukasunga chizimba, ndikulumbira pa mchira wangawu, ana anu sagonja pabwalo limenelo."

"Ine chindikanike? Wocheuka adzaonana ndi nyanga izi." A Njati adabisa kaphukusiko n'kumapita akudzimwetulira.

Masana kudafika Mai Nguluwe.

"Mwanawe, ine sindiopseza munthu. Ndingoti mano awa sanalumepo kanthu n'kukasiya."

"Mayi, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndakusungirani inu nokha kanthu aka. A Njati akanadziwa, bwenzi atandiponda."

Adawapatsa kaphukusi kachiwiri, chizimba chomwecho, lumbiro lomwelo. Mai Nguluwe adamutcha mwana wabwino, woleredwa, n'kumapita.

Dzuwa litapepa Gologolo adapita kumene ana a midzi yonse iwiri ankatunga madzi, n'kuwaitana pamodzi.

"Mawa mukaima kunja kwa mzere. Mukamva wezulo yoyamba, musaponde m'bwalo. Mutenge mpira, muzembe kuseri kwa golo, mutsikire kumchenga wa kumtsinje. Mukasewere mpaka mutatopa."

"Nanga akatiimbira ndani?" adafunsa Nasiwelo.

"Masiku onse mukamasewera panjira amakuimbirani ndani?"

Ana adayang'anana n'kuseka.

Kutacha, Gologolo adalawirira kubwalo n'kulisesa lonse ndi mchira wake, kuchokera golo ili mpaka golo ilo, osasiya phazi la nyerere. Makolo adafika, a Kumtunda mbali yawo, a Kudambo mbali yawo, bwalo lili pakati. Mfumu idakhala patsinde pa mtengo wake, luzi la mfundo ziwiri lili pamwendo. Ana adandanda kunja kwa mzere. Gologolo atangokweza wezulo, a Njati adalamula gulu lawo, Mai Nguluwe adalamula lawo, ndipo magulu onse awiri adafulatira nthawi imodzi. Poti aliyense adapereka nkhongo, palibe adaona kuti anzake achitanso chimodzimodzi.

Wezulo idalira. Ana adazemba mwakachetechete, mpira uli kukhwapa kwa Kanungu. Makolo adaitula nyimbo yawo ija, mwana wobadwa ndi mpira kuphazi, mchira wothamangitsira ntchentche, ndipo tsiku limenelo adaiimba mokweza kuposa kale lonse, poti aliyense ankadziwa chimene wakhalira.

Gologolo adayamba ntchito. Ankathamanga yekhayekha m'bwalo lopanda kanthu, kuimba wezulo cha kugolo la Kumtunda, kuthamangira pakati, kukaimbanso cha kugolo la Kudambo. Wezulo ikangolira, mbali zonse ziwiri zinkaphulika.

"Wakuba! Imeneyo ndi penate!"

"Wamugwetsa dala! Mutulutseni ameneyo!"

"Thole, thamanga! Miyendo yako ili kuti, mwana wochititsa manyazi iwe?" ankabangula a Njati, akukalipira tchire limene lidali patsogolo pawo.

Gologolo ankafuna kuseka, koma adadzigwira. Pakadapezeka mmodzi yekha wofuna kuona mwana wake kuposa kupambana, akadacheuka, ndipo zonse zikadathera pomwepo. Adathamanga chigawo choyamba, adathamanga chachiwiri, thukuta lili kamukamu. Sipadapezeke wocheuka.

Pomaliza adaimba katatu. "Tembenukani!"

Makolo adatembenuka. Kusaona ana sikudawadabwitse, poti ana ankathawira kumtsinje mpira uliwonse ukatha.

"Zatha bwanji?" adafunsa a Njati.

"Pabwalo pano lero sipanalowe chigoli," adatero Gologolo.

Kudali chiphokoso. Munthu wokhalira mankhwala angavomere bwanji zoti sanagoletse? Adamunyamula Gologolo mpaka pamaso pa mfumu. Fisi adaima pambali ndi mpeni wake.

"Gogo Chalo," adayamba a Njati, "mwana wanga Thole wagoletsa zigoli ziwiri. Woimbirayu wazikana zonse, ati analalira."

"Munaona nokha, a Njati?" idafunsa mfumu.

"Ndi maso anga awa. Chachiwiricho mpira unadutsa m'mphechepeche mwa goloboyi."

"Nanga inu, mayi?"

"Gogo Chalo, ine ndili ndi chisoni. Nasiwelo wanga anamutchera mwendo pafupi ndi golo, anagwa chafufumimba, magazi pamphuno chuchuchu. Woimbira ali pomwepo, osaimba. Ndinaona ndekha, onsewa ndi mboni."

Gulu lonse lidavomera, aliyense akuwonjezera chake. Mfumu idatenga luzi kuti imange mfundo yachitatu.

"Gogo Chalo," adatero Gologolo atagwada, "mchira ndi wanu, dulani. Ndingopempha chimodzi. Mwana wa mayiwa wavulala, ndipo magazi a mwana si chinthu chochisiya padothi. Tiyeni mukaone pamene anagwera, tikwirirepo."

Mfumu idadzuka mwaulesi. "Maso anga ndi ofooka, koma mphuno iyi sinandinamizepo. Tilozereni, mayi."

Mai Nguluwe adaloza cha kugolo. Mfumu idapita, idanunkhiza. Idasuntha, idanunkhizanso. Idayenda bwalo lonse mphuno ili pansi, kuchokera golo ili mpaka golo ilo. Kenaka idadzutsa mutu.

"Pano pakununkha gologolo yekha. Mapazi ndi a gologolo okha. Palibe chiboda, palibe magazi, ngakhale pamene mpira unagunda palibe. A Njati, zigoli zanu ziwiri zija analowetsa akuuluka?"

A Njati adapanikizika. Kunena kuti adaona, ndiye kuti anamiza mfumu. Kunena kuti sadaone, afotokoza bwanji chimene adafulatirira? Mkwiyo udawasankhira.

"Ndi Gologolo yemweyu! Anandipatsa mankhwala, ati tifulatire!"

"Nanunso?" adakuwa Mai Nguluwe, n'kudzigwira pakamwa mochedwa.

Khoswe wapadenga adaulula wapadzala. Fisi adakatenga timaphukusi tija pamene awiriwo adakhala. Mfumu idamasula, idanunkhiza.

"Makoko a mtedza." Idatembenukira kwa Gologolo. "Iwe, wawanamiza akuluakuluwa."

"Gogo Chalo, ndinawauza kuti ndi kanthu kosiya agogo anga. Mtedza umenewu mbewu yake anasiya ndi agogo. Ndinalumbira kuti akafulatira, ana awo sagonja pabwalo lino. Kodi agonja?"

Mfumu idaseka mpaka kutsokomola. Itatha kuseka idatembenukira kwa makolo, ndipo poyankhulanso sidasekenso.

"Ndadula mchira wa Chule pa mawu anu. Ndadula wa Gwape pa mawu anu. Pepani sapoletsa chilonda, ndipo michira imeneyo sindingaibweze. Fisi, bweretsa mpeniwo." Gologolo adatsinzina. Mfumu idadula luzi lija pakati n'kulitaya. "Inu awiri, makoko ndi makoko, koma inu munawalandira ngati mankhwala. Chaka chathunthu musaponde pabwalo lino."

Nthawi yomweyo kudamveka phokoso kuchokera kumtsinje. Ana ankabwera onse pamodzi, a Kumtunda ndi a Kudambo osakanikirana, mchenga uli thupi lonse, atanyamula Kanungu pamapewa.

"Wapambana ndani?" adafunsa Mai Nguluwe, poti chizolowezi sichifa tsiku limodzi.

"Kaya," adayankha Nasiwelo. "Tinasakaniza matimu, a Kumtunda anali ochepa. Tinawerenga mpaka zisanu ndi chimodzi, kenaka tinaiwala."

Thole adathamangira kwa bambo ake akupumira m'mwamba. "Ababa! Ababa, ndagoletsa! Ndi mutu! Nasiwelo anauponya m'mwamba, ine ndinadumpha, unalowa pakona penipeni. Onse anandinyamula!"

Chidali chigoli chake choyamba chibadwire. A Njati adamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Zigoli ziwiri zabodza adazifotokoza bwinobwino pamaso pa mfumu, koma chenichenicho sadachione, ndipo panalibe wakuti angawabwezere. Adagwada pansi, chinthu chimene palibe adawaonapo akuchita.

"Gogo Chalo, chilango ndalandira. Koma mundilole mpira umodzi wokha, ndidzamuone mwanayu akugoletsa. Sindidzatsegula pakamwa."

Mfumu isanayankhe, Thole adawagwira bambo ake mwendo, nkhope ili yosangalala, osadziwa kulemera kwa zimene akunena.

"Mudzabwere, ababa. Koma mudzafulatirenso ngati lero, eti? Mukamandiyang'ana mwendo umakana."

Palibe adaseka. Gologolo, amene adakonzeka kuti akafika pamtengo wake aseke mpaka nthiti kuwawa, adapeza kuti kuseka kwamuthera, ndipo adawamvera chisoni a Njati. Adavula wezulo m'khosi, adaipereka kwa mfumu ndi manja awiri, n'kudumphira panthambi. A Njati adatsala chogwada pomwepo, mwana wawo akudikirabe yankho.

Yanga yathera pamenepa. Amene mbatata yake ili pamoto akaiphule yekha, ine manja ndasamba.